Ulemu usatseke pakamwa pa mwana amene wamva zoopsa

Wolemekezeka Mkonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi makolo anzanga, makamaka ife amene tikulera ana kuno ku Harare ngakhale mizu yathu ili ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Mwana wamng'ono, ngakhale wa zaka 4 kapena 5, amatha kumva m'thupi mwake kuti pamalo ena kapena pa munthu wina pali chosalongosoka. Mtima umamugunda, miyendo imakana kupita, ndipo amakakamira chitenje cha amayi ake. Ife akuluakulu timaziona zimenezi ngati chibwana kapena mwano, choncho timazithetsa msanga pomutuzulira maso kapena kumupatsa kambama, osadziwa kuti tikuzimitsa chinthu chimene chikanamuteteza tsiku limene ife sitidzakhalapo. Pempho langa ndi lakuti tiphunzitse ana athu kumvera chenjezo la m'thupi mwawo, ndipo ifenso tiphunzire kuwakhulupirira akatiuza.

Sindikudana ndi ulemu ayi. Agogo athu anafika kuno kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, ku njanji ndi m'nyumba za azungu, ena chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chisanayambe mu 1953, ena chili mkati mpaka pamene chinatha mu 1963. Pokhala alendo m'dziko la eni, ankadziwa kuti mwana wamwano akhoza kuchotsetsa bambo ake ntchito ndi nyumba yomwe, n'chifukwa chake analimbikira kwambiri pa kudzichepetsa. Mpaka lero ku Mufakose, ku Dzivarasekwa, ku Rugare, ku Mabvuku ndi ku Tafara mwana wa kwathu amadziwika ndi kugwada popereka madzi, kulandira chinthu ndi manja awiri ndi kunyamuka nthawi yomweyo akatumidwa ndi wamkulu aliyense, kaya ndi wa m'nyumba mwake kaya ndi wa nyumba yachitatu. Zimenezi n'zokoma ndipo ndikufuna adzukulu anga azisunge. Koma m'mwambo wonsewu palibe pamene timamuuza mwana kuti ilipo nthawi yoti akane wamkulu, ndipo anthu oipa mtima amaudziwa bwino mpata umenewu kuposa ife eni ana.

Taonani zimene zimachitika m'nyumba zambiri Lamlungu masana. Kwabwera mlendo wodziwika, mnzawo wa bambo kapena wachibale wa patali, ndipo kamtsikana ka zaka 5 kabisala kumbuyo kwa amayi ake. Mlendo uja akuti, "Bwera kuno mkazi wanga, udzakhale pamiyendo panga," anthu onse n'kuseka chifukwa ndi nthabwala imene tinakula nayo. Kamwana kakupukusa mutu. Mayi akukakankha paphewa, akuti, "Iwe, usandichititse manyazi, pita kwa amalume." Mwanayo apita, akhala pamiyendopo thupi lili gwaa, maso ali kwa amayi ake, ndipo mayiyo akupitiriza kuthira tiyi. Mlendoyo mwina ndi munthu wabwino ndithu, ndipo nthawi zambiri amakhaladi wabwino. Vuto lili pa zimene mwanayo waphunzira masana amenewo: kuti kukana kwa thupi lake kulibe ntchito pamaso pa munthu wamkulu, kuti manyazi a amayi ake ndi aakulu kuposa mantha ake, ndiponso kuti akaponya maso kwa amayi ake kufuna chithandizo, iwo adzayang'ana kumbali. Phunziro limeneli salisiya pabalaza, koma amapita nalo ku mjigo, ku sukulu ndi kunyumba kwa aneba.

Komatu ulemu ukanatheka popanda zonsezi. Mwana agwade, anene kuti, "Muli bwanji amalume?", ndipo akatero watha udindo wake. Kunyamulidwa, kupsompsonedwa, kugirigishidwa kapena kukhazikidwa pamiyendo si mbali ya moni. Mayi atangonena modekha kuti, "Lero sakufuna kunyamulidwa, wakupatsani kale moni," mlendo wamaganizo abwino sangakhumudwe, ndipo amene angapse mtima chifukwa kamwana ka zaka 5 kamukana, ameneyo ndi woyenera kumuyang'anitsitsa.

Chenjezo limene ndikunenali si la mizimu. Madokotala amafotokoza kuti mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene kamazindikira zoopsa munthu asanaganize bwinobwino, ndipo thupi limatulutsa adrenaline, mtima n'kuyamba kuthamanga, m'kamwa kuuma, m'mimba kutembenuka, khungu kuchita tsemwe. Wamkulu zikamuchitikira amati, "Mtima wanga ukukana." Mwana alibe mawu amenewo, choncho amalankhula ndi zochita. Amene ankakonda kukasewera kunyumba ina amayamba kukana kupitako. Amene anasiya kukodza pogona amayambiranso. Wina m'mimba mumamupweteka pa tsiku lokhalo lopita ku maphunziro owonjezera a masana. Wina amalira akangomva kuti lero atsala ndi uje. Chilichonse mwa izi chikhoza kukhala ndi chifukwa china chosaopsa, ndipo sindikunena kuti tizithamangira kuloza anthu zala. Ndikunena kuti funso loyamba lisakhale lakuti, "Wayamba liti makani?" koma lakuti, "Kodi kumeneko kukuchitika chiyani chimene sukuchikonda?", ndipo lifunsidwe pa nthawi yabata, mwina posadzula masamba kapena pomusambitsa, osati pamaso pa anthu.

Wina anganene kuti iye amayang'anira ana ake bwino ndipo nkhaniyi sikumukhudza. Moyo wa mu Harare sulola kholo lililonse kulankhula choncho. Madzi a m'mipope amasowa masiku ambiri m'malokeshoni, ndipo ana ndi amene amaima pamzere wa ku mjigo ndi zigubu, nthawi zina kusanache kapena dzuwa litalowa kale. Sukulu zambiri zili ndi ana ochuluka kuposa zipinda zophunziriramo, moti ena amalowa m'mawa ena masana, ndipo mwana wa Giredi 1 amayenda yekha pa nthawi imene akuluakulu ali kuntchito kapena ali ku Mbare Musika kukapikula tomato ndi masamba. Nyumba imodzi ya zipinda zinayi imakhala ndi mabanja atatu a lendi ogwiritsa ntchito bafa limodzi, ndipo m'mafulati akale a ku Matapi zimbudzi ndi za anthu ambirimbiri, njira yake kudzera m'makonde amene amachita mdima wandiweyani magetsi akazima. Amayi ambiri amakwera basi ya ku Musina, ku South Africa, kukagula katundu wodzagulitsa, ana n'kutsala ndi wachibale kapena mnansi masiku angapo. Onjezanipo timagalimoto ta mushikashika timene timanyamula ana a sukulu titawapanikiza pamiyendo ya anthu osawadziwa. Si kusasamala kwa makolo kumeneku, ndi umphawi ndi kuvuta kwa tauni. Koma zotsatira zake n'zakuti mwana amakhala maola ambiri tsiku lililonse wopanda womuteteza wina kupatula nzeru zake zomwe.

Tsono timuuze chiyani? Mawu akhale ochepa ndi omveka. Mwana auzidwe kuti akamva mtima ukugunda ndipo sakufunanso kukhala pamalo, achokepo nthawi yomweyo, asapemphe chilolezo, asatsanzike, ngakhale womuitanayo akhale wa imvi. Ndipo apa pali chinthu chimene makolo ambiri sachiganizira: mwana amaopa kwambiri kufika kunyumba wopanda chigubu, wopanda chenji kapena wopanda buledi amene anatumidwa kuposa mmene amaopera munthu womutsatira, chifukwa chikwapu cha kunyumba amachidziwa pamene choopsa chinacho sanachionepo. Kamtsikana kamene kadikira maola awiri pamzere wa madzi, mwamuna wina akakauza kuti, "Tiye kuseri kuno ndikutungire msanga," kamaganiza za ukali wa amayi ake kakabwerera chimanjamanja, ndipo kamapita ngakhale miyendo ikukana. Choncho tiyenera kunena mawu awa momveka ndi mobwerezabwereza: "Ukachita mantha, taya chigubucho uthawe. Chigubu tigula china, sindidzakumenya." Ndipo tsiku limene adzabweredi wopanda chigubu, lonjezo limenelo lisungidwe, ngakhale zitapezeka kuti amene anamuthawayo anali chidakwa chongodzidutsira.

Auzidwenso kothawira. Mwana wothawa mosadziwa kopita amalowa m'chimanga chimene anthu amalima m'mphepete mwa misewu nyengo ya dzinja, kumene kuli koopsa kuposa kumene wachoka. Athamangire kumene kuli anthu ambiri: kwa amayi ogulitsa pamsika, mu takishopu, pageti la sukulu kapena la kiliniki. Asangolira chabe, pakuti anthu a m'tauni akaona mwana akulira atagwidwa dzanja ndi wamkulu amangoti ndi mwana wosamva ali ndi bambo ake. Akuwe kuti, "Si bambo anga awa!", ndipo popeza ambiri omumva mumsewu ndi olankhula Chishona, adziwenso kunena kuti, "Havasi baba vangu!" Zimenezi zimafuna kuyeserera monga mmene timayeserera nyimbo za kwaya. Poyenda kupita kutchalitchi mufunseni kuti, "Galimoto itaima apa, munthu n'kunena kuti amayi ako andituma ndidzakutenge, ungatani?" Mulekeni ayankhe, mumuwongolere mosakalipa, ayese kukuwa mpaka mawu atuluke, chifukwa mwana amene waphunzitsidwa kulankhula motsitsa mawu kuyambira ali kumsana sangakuwe mwadzidzidzi pa tsiku la tsoka. Manambala 10 a foni ya amayi kapena ya bambo awaloweze pamtima. Mwana wa ku sukulu ya mkaka (ECD) amene amaloweza nyimbo zotsatsa malonda za pa wailesi sangalephere zimenezo.

Komabe ndingakhale ndikunama nditanena kuti chenjezo la m'thupi ndi lokwanira. Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Amene amagwira ntchito yoteteza ana amanena mobwerezabwereza kuti ambiri ochitira ana nkhanza, makamaka zogwiririra, si alendo a mumsewu koma anthu amene mwana amawadziwa ndi kuwakhulupirira. Dziko lino silinaiwale mnyamata wa zaka 7 amene anaphedwa ku Murehwa mu 2020. Pamene Khoti Lalikulu linagamula mlanduwo mu 2023, opezeka olakwa anali wachibale wake ndi munthu woweta ng'ombe wa pamudzi pomwepo. Munthu wa zolinga zoipa sayamba ndi kuopseza. Amayamba ndi paketi ya maputi, kenako dola yodyera ku sukulu, kenako kubwereketsa foni kuti mwana azisewera magemu m'chipinda mwake, ndipo amatenga miyezi akuzoloweretsa mwanayo ndi makolo omwe, mpaka mayi amafika ponena kuti, "Amalume awa ndiye amakonda ana." Pofika tsiku loipalo mtima wa mwana sugunda n'komwe, kapena ukagunda, mwanayo amadziona wolakwa poganizira zoipa munthu amene wakhala akumuchitira zabwino.

Pa chifukwa chimenechi, pambali pa kumvera mtima wake, mwana akhale ndi malamulo ochepa amene sadalira mmene akumvera pa nthawiyo. Wamkulu aliyense amene wanena kuti, "Usakauze amayi ako," wapereka kale chifukwa chokawauzira. Mphatso iliyonse, ngakhale siwiti imodzi, ikaonetsedwe kunyumba. Kutumidwa ndi mnansi ku takishopu n'kwabwino, koma mwana ayambe wakanena kwawo, ndipo kutumidwa kumene kukufuna kuti alowe m'chipinda chogona cha munthu wina kapena akwere galimoto, akukane. Ziwalo zimene zimabisidwa ndi chovala chamkati palibe wololedwa kuzigwira, kuziona kapena kuzijambula, kupatula amene amamusambitsa akadali wamng'ono kapena namwino kholo lili pomwepo. Pamenepa tiyenera kugonjetsa manyazi athu n'kumuphunzitsa mwana mayina enieni a ziwalozo m'chinenero chimene amalankhula momasuka, kaya Chichewa, Chishona kapena Chingerezi, chifukwa mwana wongodziwa timayina toseketsa ta m'nyumba mwawo akafotokozera mphunzitsi kapena wapolisi, wamkulu uja sazindikira kuti akuuzidwa nkhani yaikulu.

Tidziwenso kuti mantha aakulu sathawitsa munthu nthawi zonse. Nthawi zina amaumitsa thupi moti munthu satha kusuntha kapena kutulutsa mawu, ndipo izi zimachitikira ngakhale akuluakulu amphamvu zawo. Funso lija lakuti, "Nanga bwanji sunakuwe?" limangowonjezera bala. Mwana amene sanathe kukana sanalakwe, ndipo zonse zimene tikumuphunzitsazi ndi zomuthandiza chabe, osati zomusenzetsa udindo umene ndi wa ife akuluakulu.

Alipo mantha ena amene sachokera m'thupi la mwana koma timawadzala ndife. Timaopseza ana ndi apolisi, ndi jakisoni wa anamwino, ndi anthu odwala misala, ndi anthu achialubino. Mwana woleredwa chotere amathawa munthu wosauka wovala sanza amene alibe naye kanthu, n'kukakwera mosangalala galimoto ya munthu wovala suti. Ife tiyenera kuzimvetsa zimenezi kuposa wina aliyense, pakuti amene tinakulira m'malokeshoni muno tikukumbukira ana a anzathu akuopsezedwa potchula ife amene, kuti akapanda kumvera adzatengedwa ndi achimwene (dzina limene amatchulira anthu a ku Malawi kuno) kapena ndi gule. Mwana aphunzire kuyang'ana zimene munthu akuchita, osati nkhope, khungu kapena mtundu wake: kodi akufuna kundipatula kwa anzanga, kodi akundisungitsa chinsinsi, kodi akupitiriza ine nditakana? Ndipo tileke kunena kuti, "Ndikuitanira apolisi," pofuna kuti mwana adye nsima, chifukwa tsiku lina tidzafuna kuti mwana yemweyo alankhule momasuka ndi wapolisi.

Ndamvapo abambo ena akunena kuti zonsezi ndi ufulu wa ana umene waononga m'badwo uno, ndipo mwana akaloledwa kukana lero, mawa adzakana kutsuka mbale. Dandaulo limeneli ndikulimva, pakuti ana amayesadi malire. Koma mwana wa zaka 6 amatha kusiyanitsa zinthu ngati tamufotokozera: pa ntchito za pakhomo, pa sukulu ndi pa mankhwala a kuchipatala alibe chisankho, koma pa thupi lake ndi pa malo amene akumuchititsa nthumanzi, mawu ake ali ndi mphamvu. Nthawi zina adzaopa munthu wosalakwa, ndipo ife tidzapita kukapepesa kwa mnansi. Ine ndilolera kupepesa kotero kangapo kusiyana ndi kukakhala pabenchi ya kuchipatala ndi mdzukulu amene anaona zizindikiro zonse koma anaopa kuoneka wamwano.

Gawo lovuta kwambiri ndi lathu, pamene mwana wabwera kudzaulula. Ana ambiri amayamba ndi kachidutswa kakang'ono, monga kunena kuti, "Sindiwafuna amalume aja," uku akuwerenga nkhope yathu kuti aone ngati n'kotheka kupitiriza. Tikakalipa, tikayamba kulira mokuwa kapena tikatuluka ndi chikwanje, mwana amabweza mawu poona kuti wabweretsa chisokonezo m'nyumba. Mawu oyamba akhale akuti, "Wachita bwino kundiuza, ndakukhulupirira, sunalakwe." Ngati wagwiriridwa, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo zovala zimene anavala zisachapidwe. Chimene ndikuchikana ndi mtima wonse ndi chizolowezi chokhalirana pansi monga banja, wolakwa n'kulipira mbuzi kapena madola angapo, nkhani n'kukwiriridwa kuti dzina la banja kapena la mpingo lisaipe. Mwana amaona zonsezo n'kuzindikira kuti analankhula pachabe, pamene wolakwayo amangosamukira ku lokeshoni ina kumene kulinso ana.

Lamulo lili kumbali ya mwana. Gawo 81 la malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 limati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo limamupatsa ufulu womvedwa ndi wotetezedwa ku nkhanza za mtundu uliwonse. Khoti loona za malamulowa linaletsa maukwati a ana mu 2016, ndipo mu 2022 linagamula kuti chitetezo pa nkhani zogonana chifike kwa ana onse osakwana zaka 18. Kupolisi kuli nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza yotchedwa Victim Friendly Unit, ndipo m'makhoti ena mwana amapereka umboni ali m'chipinda chapadera kudzera pa kanema, osayang'anizana ndi womuchitira nkhanza. Bungwe lothandiza ana la Childline Zimbabwe limayankha pa nambala yaulere ya 116, ndipo owerenga a ku Malawi ali ndi nambala yomweyo ya 116 ya Tithandizane.

Ndikudziwa chimene chimabweza anthu athu ambiri pakhomo la polisi, ndicho zitupa. Alipo mabanja, makamaka ochokera m'mafamu amene tsopano akukhala ku Epworth ndi ku Hopley, amene agogo, mayi ndi mwana onse alibe chikalata cha kubadwa, ndipo amaopa kuti akakadandaula adzayamba kufunsidwa za kwawo. Munthu woipa wodziwa mantha amenewa amaona ana a mabanja otere ngati osavuta. Koma gawo 81 likunena za mwana aliyense, silifunsa kumene agogo ake anabadwira, ndipo gawo 43 limati munthu wobadwira muno malamulowa asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC ndipo munthuyo ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa.

Ndikupempha anamkungwi, amayi a misonkhano ya Lachinayi, aphunzitsi a Sande sukulu ndi a madrasa, ndi atsogoleri a mabungwe athu a maliro kuti aitenge nkhaniyi ngati yawo. Malangizo a za thupi timawasunga mpaka mtsikana atatha msinkhu, pamene ena zoipa zinawagwera ali ndi zaka 6, ndipo anyamata sitiwauza chilichonse ngati kuti iwo sachitidwa chipongwe. Mabungwe a maliro amakumana mwezi ndi mwezi kutolera ndalama. Mphindi 20 za msonkhano umodzi zikhoza kuperekedwa kwa wogwira ntchito yoteteza ana kuti alankhule ndi makolo m'Chichewa, chimene gawo 6 la malamulo omwewo limachiwerengera pakati pa zinenero 16 zovomerezeka m'dziko lino. Kwa inu a Mkonzi, ndikupempha kuti nambala ya 116 muziisindikiza sabata iliyonse pamalo oonekera, ndiponso kuti mupatse mpata anamwino ndi aphunzitsi a ana aang'ono woti aziyankha mafunso a makolo m'nyuzipepala muno, mayina a ofunsawo osatchulidwa.

Ine wanu,
Gogo wolera adzukulu,
Mufakose, Harare